Pikapu Yofiira ya a Goliati

Japhet ankagwira ntchito pakampani ina yogulitsa magalimoto ku Old Town. Ntchito yake inali ya pakamwa. Munthu akalowa, iye ankamulandira, kumuonetsa galimoto, kumufotokozera, ndipo akafuna kuyesa ankamuperekeza. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, mkazi wake Eliness, ndi mwana mmodzi, Mayankho. Ankakhala ku Area 1, ndipo kuntchito ankangoyenda pansi.

Mwezi wa Juni chaka chimenecho kunafika pikapu ya mtundu watsopano, ya m'tchire, yaitali miyendo, yofiira kuti psuu. Japhet anailoweza ngati katekisimu. Inkabwera ndi injini za mitundu itatu. Panali ya dizilo ya masilinda anayi, yosamwa mafuta, imene ankakonda a mabungwe oyenda m'midzi. Panali ya dizilo ya masilinda sikisi, yoti ingakoke ngolo yodzaza matumba a fetereza osamva kanthu. Ndiye panali iyi yofiirayi, ya petulo, masilinda sikisi, matebo awiri owonjezera mphamvu, yoti ukangoponda moto pang'ono msana umamatirira kumpando. Kunsi kwake anaikako chitsulo chochindikala choteteza injini ku miyala. Mashoko ake ankameza mabampu ngati palibe. Pafupi ndi giya panali batani lozungulira, munthu n'kusankha mchenga, matope, miyala, kapena liwiro la pafumbi. Inali ndi makamera anayi, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, onse oonetsa pasikirini ya pakati. Mipando yake inkadziwa ngati pakhala munthu, ndipo munthuyo akapanda kumanga lamba, kabelu kankalira mpaka amange.

Lachiwiri lina, dzuwa litapendeka, kunafika a Goliati. Anali bambo wa ku Area 11, wa makontirakiti a zomangamanga, wamtali, wa mawu okhuthala, wosazolowera kudikira. Japhet anayamba kuwafotokozera za injini za dizilo, koma anamudula. Anati sanabwere kudzagula ngolo. Ankafuna ya petuloyo, ndipo ankafuna kuiyesa nthawi yomweyo, pafumbi, osati pa tala.

Nthawi inali itatha, koma abwana a Japhet anavomera. Malinga ndi lamulo la kampani, wotulutsa galimoto pageti ankayenera kukhala wogwira ntchito pompo. Japhet anasaina dzina lake m'buku la mlonda, naitulutsa. Atangokhota pakona, a Goliati anamuuza kuti aime asinthane.

Anadutsa City Centre, nadutsa Area 12, nalowa kamsewu ka fumbi ka kuseri kwa Kauma. Kunali kukuzizira. Mdima wa mwezi wa Juni sudikira munthu. A Goliati anafunsa za batani la liwiro lija, ndipo Japhet anawazungulizira yekha ndi dzanja lake. Injini inasintha mawu. Inabangula. Galimoto inauluka pamwamba pa maenje, a Goliati akuseka, akumenya chiwongolero ndi chikhatho. Japhet anagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko, nanena kuti achepetseko, njira imeneyi mumadutsa anthu opita ku ntchito zaulonda.

Sanamalize. Pokhota, nyali zinagwira munthu ali panjinga. Kunamveka phu. Kenaka galimoto inadumpha kamodzi, monga inkachitira pa mabampu ena onse aja.

Anaima patali ndithu. Atabwerera anapeza bambo wachikulire atagona chammbali, atavala jasi lalitali ndi chipewa cha ulusi, thalauza atalipisa m'masokosi. Njinga inali itapindika. Mbatata yophika inali itamwazika m'fumbi pamodzi ndi kakontena kake. A Goliati anamuunika kumaso ndi foni. Anaunika nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana uku ndi uku. Msewu unali zii.

Anamuuza Japhet kuti agwire miyendo.

Japhet anakana. Anati amukweze kumbuyo athamangire naye kuchipatala, galimotoyi ingafike m'mphindi khumi. A Goliati anamuyandikira, nalankhula motsitsa mawu. Anamufunsa kuti m'buku la pageti muli dzina la ndani. Anamufunsa kuti apolisi akamva mawu a munthu wa ku Area 11 ndi mawu a kamnyamata ka ku Area 1, akhulupirira a ndani. Anamufunsa ngati ali ndi mwana.

Japhet anagwira miyendo.

Pambali pa msewu panali khwawa lakuya, lodzaza udzu wouma. Akutsika naye, mwendo umodzi unakoka m'manja mwake.

"Bwana, akupuma awa."

"Ndi mitsempha chabe. Tsika."

Anamusiya pansi pa khwawa, naponyamo njinga. Pobwerera anayendetsa ndi Japhet. Pabampala panalibe ngakhale kachipsera koti munthu n'kufunsa. Chitsulo cha kunsi chija chinali chitagwira ntchito yake. M'mawa mwake a Goliati anaimba foni kuti agula, ndipo ankafuna yomweyo yofiirayo, osati ina. Abwana anamugwira Japhet chanza pamaso pa anzake onse.

Masiku atatu anadutsa Japhet asakudya bwino. Eliness anamufunsa kawiri, iye n'kunena kuti ndi chimfine. Ankagona chagada, manja atawabisa m'khwapa. Mwana akabwera kudzakhala pamiyendo pake, ankamuchotsa.

Lachisanu mapepala anatha. A Goliati anati galimoto ibwere kunyumba madzulo iwo akaweruka, ndipo aibweretse Japhet yemweyo kuti adzawaphunzitse mabatani onse. Ananyamuka ku Old Town cha m'ma sikisi koloko, ogulitsa m'mbali mwa msewu akulongedza katundu, maminibasi akuitanira a ku Kawale ndi ku Biwi. Anakhala pamzere wa magalimoto mpaka mdima unagwa. Atalowa msewu wodutsa m'mbali mwa nkhalango wopita ku City Centre, kabelu kanayamba kulira.

Ting. Ting. Ting.

Anayang'ana lamba wake. Anali womanga. Anayang'ana pasikirini. Kachithunzi ka mipando kanaonetsa kuti pampando wakumbuyo, chakumanzere, pakhala munthu ndipo sanamange lamba.

Anayang'ana pagalasi. Munalibe munthu. Anadziuza kuti mwina atsuki a galimoto anasiyapo chidebe. Anapatuka, naima, natsegula chitseko chakumbuyo. Mpando unali wopanda kanthu, pulasitiki ya kufakitale ikadali pomwepo. Koma munkamveka fungo la udzu wouma ndi fumbi, pomwe galimoto inali itatsukidwa kawiri. Anakoka lamba, namumanga pampando wopanda munthuwo. Kabelu kanasiya.

Anayenda pang'ono. Atafika pa raundabauti anamva kuti khethe kumbuyo kwake. Lamba anabwerera yekha m'malo mwake, pang'onopang'ono, ngati wina akumuperekeza ndi dzanja.

Ting. Ting. Ting.

Ulendo uno sikirini inaonetsa mpando wakutsogolo. Wa pambali pake.

Japhet sanacheuke. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, maso patsogolo. Mbali ya kumanzere ya thupi lake inazizira ngati watsamira khoma la simenti. Anadutsa City Centre kabelu kakulira, nakhota kulowa mu Area 11. Magetsi anali atazima dera lonse. Kuseri kwa mipanda yaitali kunkamveka majenereta, apo ndi apo agalu.

Atafika pageti la a Goliati, kabelu kanangoti duu.

Asanaimbe hutala, geti linayamba kutseguka. Linkakankhidwa ndi mlonda. Nyali za galimoto zinamugwira kuyambira pachifuwa kutsika: jasi lalitali, dzanja limodzi pa chitsulo cha geti, lina lili lende. Japhet anatsitsa galasi, napereka moni. Mlondayo anangoima chammbali kuti galimoto idutse. Japhet analowa, naimika pabwalo patsogolo pa nyumba, ndipo anamva geti likutsekeka kumbuyo kwake.

Akutsika, kuseri kwa nyumba kunatulukira mayi wina atanyamula tochi ndi makiyi. Anali Naphiri, wogwira ntchito ya m'nyumba pamenepo. Ataona galimoto ili mkati anaima, nayang'ana makiyi m'dzanja lake.

"Mwalowa bwanji, achimwene? Ine ndimati ndidzakutsegulireni."

"Anditsegulira a mlonda."

Naphiri anaunika kugeti. Kunalibe munthu. Loko anali wokhoma. Anatembenuka, nauza Japhet mwakachetechete kuti pakhomo pano palibe mlonda. Mlonda wawo, a Ackson, anasowa Lachiwiri. Ananyamuka kwawo ku Kauma madzulo panjinga monga mwa masiku onse, atatenga mbatata yawo, koma kuntchito sanafike. Akazi awo ndi ana ayenda kupolisi, m'zipatala, mpaka ku motshale. Palibe wawaona. Agwira ntchito panyumba pano zaka khumi ndi ziwiri, osajombapo tsiku limodzi.

"Naphiri, lowa m'nyumba."

A Goliati anali ataima pakhonde, atavala masilipasi, tambula ili m'manja. Naphiri anachoka. Japhet anawayang'ana, ndipo anamvetsa chifukwa chake a Goliati anaunika nkhope ija nthawi yaitali chonchija. Anali atamuzindikira. Munthu amene ankawatsegulira geti zaka khumi ndi ziwiri, anamuzindikira, n'kunena kuti gwira miyendo.

A Goliati anachita ngati sanamve kanthu. Anazungulira galimoto yawo akuisisita, nakhala pampando woyendetsera, nauza Japhet kuti alowe awaonetse zonse. Japhet analowa. Mawu ankatuluka okha, monga ankatulukira tsiku lililonse kuntchito. Apa mpoyatsira injini. Apa mpokhomera matayala akumbuyo kuti azungulire pamodzi mukatitimira. Apa mpotsikira phiri popanda kuponda mabuleki. A Goliati ankangogwedeza mutu. Kenaka anafunsa za makamera, ndipo Japhet anawauza kuti alowetse livesi.

Sikirini inayaka. Masensa akumbuyo analira kamodzi n'kamodzi, mawu amodzi osadukiza, aja amalira chinthu chikatsala pang'ono kukhudza bampala.

Pasikirini panali miyendo iwiri. Thalauza lopisidwa m'masokosi. Phazi limodzi linali lopanda nsapato, ndipo linaloza kumbuyo.

Onse awiri anacheuka. Kumbuyo kwa galimoto kunali bwalo la njerwa, lofiira ndi kuwala kwa nyali za mabuleki, ndi mtengo wa mapeyala. Munthu kunalibe. Anabwezanso maso pasikirini. Miyendo inali pomwepo. A Goliati anadina kamera yakutsogolo. Jasi linadzaza sikirini yonse, mabatani ake akuoneka bwino lomwe, limodzi lomangidwa ndi waya. Anadina ya kumanja. Analinso kumeneko, ataimirira pafupi ndi chitseko chawo, akuwerama pang'onopang'ono kuti aone mkati.

"Zimitsa."

Japhet anadina batani. Injini inazima. Sikirini inakhalabe yoyaka kwa kanthawi, kenaka inada.

A Goliati ankapuma ndi pakamwa. Kenaka anaseka kuseka kopanda mawu, nanena kuti magalimoto a masiku ano ndi makompyuta okhaokha, mawa Japhet abwere ndi makaniko adzakonze. Anatsika. Anayesa kunyamula tambula yawo pomwe anaisiya, koma inawapulumuka n'kusweka. Sanaitole. Analowa m'nyumba, nakhoma chitseko.

Japhet anatsala yekha pabwalo. Naphiri anali atasiya kachitseko kakang'ono ka pageti kosakhoma kuti atulukire. Kuti afike pamenepo ankayenera kudutsa pa kanyumba ka mlonda. Anayenda maso ali pansi. Atagwira kachitsekoko, mawu anamveka m'kanyumbamo, otsika, aulemu, a munthu wozolowera kulankhula ndi mabwana.

"Achimwene."

Japhet anaima.

"Inu munandigwira bwino. Simunandiponye ngati mmene anachitira abwana. Manja anu anali ofunda."

Mkatimo mpando wapulasitiki unalira ngati wina akukhala bwino.

"Ndinakhala wamoyo mpaka tambala woyamba. Ndinkaitana. Anthu ankadutsa pamwamba, koma mawu sankakwera. Mayi a kunyumba akundifuna kolakwika. Mukawauze. Agalu ayamba kubwera."

Japhet sakumbukira mmene anatulukira. Amakumbukira akuthamanga pakati pa mipanda, nsapato za kuntchito zikulira pa tala, mpaka anapeza wa kabaza ya moto pafupi ndi City Centre. Atafika kunyumba anapeza Eliness akumugoneka mwana. Anakhala pansi pa simenti, namuuza zonse, kuyambira pa batani limene anazunguliza ndi dzanja lake mpaka pa mawu a m'kanyumba kaja.

Eliness sanakuwe. Sanafunse ngati anali ataledzera. Anakhala pamphepete pa bedi nthawi yaitali, akuyang'ana manja a mwamuna wake. Japhet anayamba kunena za ntchito, za ndende, za mwana. Eliness anamusiya amalize.

"Abambo a Mayankho, munthu uja alinso ndi ana. Kukacha tipita. Mukawauze ndi pakamwa panu."

Anadzuka kusanayere. Anasiya mwana kwa aneba, nakwera kabaza. Japhet ankaganiza zoti ayambe wafika ku Kauma, afunse nyumba ya a Ackson, awatenge abale awo awalondolere. Koma atangolowa kamsewu ka fumbi kaja anaona kuwala patsogolo, ndi anthu ataunjikana. Anali alonda oweruka kuntchito ndi amayi opita kumsika, njinga ndi madengu zili pansi.

Pikapu yofiira inali pamenepo. Inaima pamphepete penipeni pa khwawa, matayala akutsogolo atalendewera m'malere, injini ikulira pansipansi. Nyali zake zonse zinali zoyaka, ndipo zinaloza pansi, mu udzu, pomwe panaoneka gudumu la njinga ndi m'mphepete mwa jasi.

A Goliati anali mkati. Sanali pampando woyendetsera. Anali pampando wa pambali, atavala zogonera, lamba atamangidwa bwinobwino pachifuwa, manja ali pamaondo. Maso anali otsegula. Ankapuma. Anthu ankagogoda pagalasi, kuwaitana, koma iwo sankaphethira. Zitseko zonse zinali zokhoma. Pampando woyendetsera panalibe munthu, ndipo mpandowo unali wokankhidwira kutsogolo kwambiri, pafupi ndi chiwongolero, poti a Goliati ndi msinkhu wawo sakanakwanapo.

Alonda awiri anatsika m'khwawa. Atakwera, mmodzi anavula chipewa. Wina anathamangira kumudzi. Pasanapite nthawi kunafika mkazi wa a Ackson, mayi wochepa thupi, atafunda chitenje kumutu, ana aakulu awiri atamugwira mikono. Sanalire nthawi yomweyo. Anaima pamphepete, nayang'ana pansi, nafunsa kuti ndani wachita zimenezi.

Palibe amene ankamudziwa Japhet pagulupo. Akanatha kutembenuka n'kubwerera, palibe akanamufunsa. Eliness sanamukankhe, anangomusiya dzanja. Japhet anadutsa pakati pa anthu, nagwada m'fumbi patsogolo pa mayiyo, nafotokoza. Ananena kuti woyendetsa anali uyo ali m'galimotoyo, koma miyendo anagwira ndi iye. Ananenanso kuti pamene ankawasiya, a Ackson anali amoyo.

Mwana wamkulu wa a Ackson anamumenya chibakera cha pakamwa. Ena anatola miyala. Akanamuphera pomwepo, koma mayi uja anakweza dzanja, nanena kuti pakhwawa pano pafa mmodzi, akwana. Anamukhazika pansi, namuzungulira, mpaka apolisi anafika. Kuti awatulutse a Goliati anachita kuswa galasi.

Japhet ntchito inatha tsiku lomwelo. Anakhala pa limandi miyezi yambiri, kenaka anagamulidwa, ndipo Eliness anasamukira kwa makolo ake ndi mwana. Amakamuona mwezi uliwonse. Amati Japhet sadandaula za chakudya kapena za kuzizira, koma sakonda kugwirana chanza ndi munthu. A Goliati sanaimepo pabwalo la milandu. Madokotala anati ndi sitiroko. Ana awo anawatengera kunja kukalandira thandizo, nabwera nawo ali chimodzimodzi, ongokhala panjinga ya odwala, maso ali tong'o. Kuyambira m'mawa umenewo sanalankhulepo liwu limodzi.

Anthu a m'nyumba zazikulu za mu Area 11 anali ndi kufotokoza kwawo. Ankati chikumbumtima chinawavuta a Goliati, anadzuka okha, nayendetsa mpaka kukhwawa, kenaka anasuntha mpando pamene matenda ankawagwira. Alonda ndi a m'maluwa, akakumana pamipanda madzulo, sankatsutsa. Ankangofunsana motsitsa mawu kuti nanga munthu wogwidwa ndi sitiroko amadzimanga bwanji lamba. Ankafunsananso za geti, pakuti apolisi atafika kunyumbako analipeza lokhoma, loko ali mkati, makiyi ali kuchipinda kwa Naphiri.

Naphiri anasiya ntchito sabata yomweyo. Apolisi atamufunsa anati sanaone chilichonse, ndipo sananame. Zimene anamva anauza mnzake mmodzi yekha, wogwira ntchito panyumba yoyandikana nayo, tsiku limene ankalongedza katundu wake.

Anati m'bandakucha wa tsikulo anali m'tulo, kuchipinda kwake kuseri kwa nyumba. Sanamve injini. Sanamve geti. Chimene chinamudzutsa ndi kugogoda pazenera, kawiri, pang'onopang'ono, monga ankachitira a Ackson m'mawa uliwonse akamapita kwawo. Kenaka anamva mawu awo.

"Mayi, ine ndaweruka."

Ndipo iye, ali m'bulangete, maso ali chitsekere, anayankha monga ankayankhira zaka zonsezo kuti zikomo bambo, muyende bwino, mukawapatse moni kunyumba. Anatembenuka kuti agonenso. Mpamene anakumbukira.